Kupala Utoto

Anatilemba ganyu ya masabata atatu:
palani, matani ming'alu, pakani watsopano,
alendo akubwera mwezi wamawa.
Ine anandipatsa khoma la kumadzulo,
loyang'ana mitengo ya jakaranda
imene imathothola maluwa pa galimoto za mabwana.

Ndinkayesa ndi khoma wamba.
Kwathu ku Kalingalinga timamanga ndi mabuloko,
lero maziko, mkuja denga,
chaka chamawa mng'alu wolowa chala.
Koma pano chopalira chitaluma
chinasenda utoto wotuwa wa dzana,
pansi pake wachikasu, pansi pa wachikasu wobiriwira.
A Zondani Miti, mlonda, akuti wobiriwirawo
unapakidwa usiku, mothamanga, ndi nyali,
sabata imene mbendera inasinthidwa.
Kunsi kwa zonse njereza yoyera mbee,
kenako njerwa.

Njerwa yofiira ngati chiwindi,
yopsa mpaka kulira ngwee ukaigogoda.
M'khoma lake mkono wanga ukhoza kugonamo wonse.
N'chifukwa chake mu Okutobala,
phula la msewu wa Cairo likamamata ku nsapato,
muno mumazizira ngati m'mtsuko.
Amene anajambula nyumbayi ankalidziwa dzuwa:
khonde lalitali, zipilala zisanu ndi zitatu,
mazenera oposa munthu wosenza mwana paphewa,
timabowo kunsi kwa denga totulutsira thukuta la nyumba,
momwe tsopano anamzeze amachita lendi yaulere.

Dzina lake lilipo, pa chikwangwani chamkuwa pakhomo.
Mai Tisauke amachipukuta Lolemba lililonse
ngakhale lilime lawo limakana kulitchula.

Koma pa mzere wachisanu ndi chinayi,
kuseri kwa paipi ya madzi amvula,
ndinapeza zala zitatu
zodinda dothi lisanaume.
Ndinaikapo zanga. Zake zinali zazing'ono.
Kamnyamata mwina, kothamangitsidwa ndi msonkho
kuchokera ku Petauke,
konyamula njerwa yaiwisi kapitawo akukalipa.
Nyumba itatha, iyeyu akanalowera pati?
Kumbuyo kuli kazenera kotsekedwa ndi simenti,
kolekeza m'chiuno.
A Miti akuti bambo awo ankaperekera makalata pamenepo,
atawerama, chipewa m'manja,
zaka khumi ndi zinayi
osapondapo masitepe akutsogolo.

Masitepewo lero anadyeka pakati ngati mphero.
Nsapato za makalaliki,
mapatapata a amayi ofuna chidindo,
ndodo za okalamba olondola penshoni
imene fayilo yake inalowa pansi,
aliyense anachokapo ndi kafumbi kake.

Sindikudziwa ngati ndiyenera kuikonda nyumbayi.
Inamangidwa kuti anthu onga ine aziima panja.
Koma mzere wa njerwa ndi woongoka
moti chingwe changa chikuchita manyazi,
ndipo anauongolayo si uja wa pamkuwa.
Taonani uta wa pamwamba pa chitseko:
njerwa makumi awiri ndi imodzi zotsamirana,
popanda chitsulo, popanda mtanda,
yapakati ikugwira zinzake chifukwa nayo yagwidwa.
Ndinadyera pomwepo chimanga changa chootcha,
khosi lili chagada, mpaka chinazizira.

Kutsidya kwa msewu akukweza ina ya magalasi okhaokha,
nsanjika khumi ndi ziwiri,
mitambo imadutsa n'kudziyang'anira nkhope.
Ili bwino ndithu.
Tidzaifunse ikadzadya mvula makumi asanu ndi anayi.

Lachisanu kapitawo Chisanga anadutsa, foni kukhutu,
nati, iwe, si miyuziyamu ino, paka.
Ndinapaka. Khoma lonse, kawiri,
kupatula kamalo kofanana ndi chikhatho
komwe woyendera ntchito sangawerame kuti aone.

Madzulo ndinasamba pa mpopi wakumbuyo,
pafupi ndi kazenera kaja.
A Miti anali atakhoma kale geti laling'ono.
Tulukira kutsogolo, anatero.
Ndinatsika masitepe pang'onopang'ono,
ndowa kumanja, utoto udakali m'zikhadabo,
ndikuponda pakati penipeni, podyeka.